Mwana wanga akufuna poni ya masewera a pahatchi, ndigule yotani?

Mayi wina wakwathu amene akukhala cha ku Leicester, ku England, wandilembera imelo. Mwana wawo wamkazi wa zaka 9 wakhala akuphunzira kukwera hatchi kwa zaka ziwiri, ndipo pano mtima wake wonse uli pa masewera opikisana pa timahatchi tating'ono aja amati mounted games. Aphunzitsi a ku Pony Club, bungwe la ana okwera mahatchi, awauza kuti mwanayo akafuna kulowa mu timu, afunika poni (hatchi ya mtundu waung'ono) yakeyake. Mayiwa akufunsa kuti agule yotani, akaipeza kuti, nanga adziwa bwanji kuti sakuwadyera masuku pamutu. Akuti mwanayo waona kale ina pa intaneti, ya zaka 5, yokongola, yomwe mwini wake akuitama kuti ndi yaliwiro zedi.

Mayi, zikomo pondilembera. Ndiyambe ndi ya pa intanetiyo: isiyeni. Mwina ilibe vuto lililonse, koma si ya mwana wanu chaka chino. Mwana amene akungoyamba masewerawa amafunika poni imene inawadziwa kale kuposa iye. Akakumana osadziwa okhaokha, wina pamsana wina pansi, amene amavulala ndi mwana, ndipo mantha akamulowa msinkhu umenewu sachoka msanga.

Kuti mumvetse, taonani ntchito imene nyamayi ikagwire. Masewerawa anayamba mu 1957, pomwe Prince Philip anapempha Sir Mike Ansell, amene ankatsogolera chionetsero chachikulu cha mahatchi cha Horse of the Year Show, kuti akonze mpikisano wa ana amene makolo awo sangakwanitse kugula maponi odula achionetsero. Mpaka lero matimu a Pony Club amalimbirana Prince Philip Cup, ndipo ndime yomaliza imachitika mu Okutobala pa chionetsero chomwecho, ku holo ya zionetsero ya NEC, mumzinda wa Birmingham. Timu imakhala ya ana asanu, koma pa mpikisano uliwonse amathamanga anayi, mopatsirana. Apa mwana akuzemba mitengo yozikidwa pamzere, apo akusamutsa kapu kuchotsa pamtengo wina kukaika pa wina, kenako akuzula mbendera, kapena kuwerama mpaka mutu kufika cha pamimba pa poni kuti aponye sokosi mu ndowa. Pena amatsika, kuthamanga wapansi atagwira chingwe, n'kudumphiranso pachishalo poniyo ikuyenda. Zonsezi dzanja limodzi lili ndi katundu, ndiye chingwe chowongolera chatsala m'dzanja limodzi. Chikwapu sachilola, ngakhale tizitsulo tobayira ta kuchidendene.

Mukaonetsetsa, liwiro ndi gawo laling'ono la ntchitoyi. Matimu a ana aang'ono sagonja chifukwa maponi awo ndi ochedwa. Amagonja chifukwa kapu yagwa, mwana watsika kuti aitole, ndiye poni ikukana kuima kuti akwerenso, ikungozungulira uku anzake akumaliza. Choncho zimene muyang'ane ndi izi: kodi imaima mwana akati ima? Ikaima, imadikira phee ngakhale anzake akuthamanga m'mbali? Imatembenuka ndi kukhudza chingwe pakhosi pokha? Poni ina ikamabwera mothamanga maso ndi maso kuti ana apatsirane mbendera, iyo imapirira kapena imalumphira kumbali? Nanga mwana akalendewera mbali imodzi, imapitirira mowongoka? Poni yotere sibadwa choncho, imachita kuphunzitsidwa kwa zaka.

N'chifukwa chake ine sindiopa zaka. Poni ya zaka 14, 16, ngakhale 20, ngati miyendo ili bwino, ndi imene ndingaikepo mwana wanga. Maponi amakhala moyo wautali, ambiri amafika zaka 30, ndipo m'nthambi za Pony Club mumapezeka nkhalamba zimene zaphunzitsa ana a mabanja atatu kapena anayi. Zina mwa izo, mwana akatsetsereka pachishalo, zimachepetsa zokha liwiro. Kuipa kwake n'kwakuti pogulitsanso simudzapeza ndalama imene munagulira, komanso inshulansi ya nyama yokalamba salipira zambiri. Muvomereze zimenezo pogula.

Za msinkhu. Ku Britain hatchi amaiyeza pa linunda la paphewa, ndipo muyeso wake ndi hand, womwe ndi mainchesi 4, pafupifupi masentimita 10. Mukaona 12.2hh pa malonda, ndiye kuti mahand 12 ndi mainchesi awiri, kapena kuti masentimita 127. Pa masewera a Pony Club poni isapitirire 14.2hh, koma mwana wa zaka 9 alibe nayo ntchito yaitali choncho. Kwa ambiri a msinkhu wake, pakati pa 11.2hh ndi 12.2hh m'pabwino. Muyeso weniweni ndi mwanayo: athe kukwera yekha kuchokera pansi popanda womunyamula, ndiponso athe kufikira ndowa ali pachishalo. Ifetu tinazolowera kugulira mwana yunifolomu yaikulu kuti akuliremo. Pa poni musatero. Kulemera kwa mwana nakonso kumawerengedwa. Muyeso umene ambiri amatsata ndi wakuti wokwera asapose 20 peresenti ya kulemera kwa poni, ndipo buku la malamulo la chaka chimenecho limanena malire ake, choncho apempheni aphunzitsi akuonetseni musanapite kukaona nyama iliyonse.

Mtundu usakuvutitseni. Mudzaona ma Welsh Section A ndi B ambiri chifukwa ndi opepuka ndiponso ochangamuka, mudzaonanso a Dartmoor, New Forest ndi osakaniza amene palibe akudziwa makolo ake. Pa bwalo palibe woweruza amene amapereka mapointi chifukwa cha mtundu kapena kukongola. Yamphongo yosafula yokha ndiyo musaiganizire n'komwe.

Kopeza ndi kumene anthu ambiri amalakwitsa. Maponi abwino a masewerawa kawirikawiri safika pa malonda a pa intaneti. Mwana akakula, makolo amangouza aphunzitsi, ndipo pakutha pa sabata poniyo yapeza kale banja lina m'nthambi yomweyo kapena yoyandikana nayo. Ndiye uzani aphunzitsi a timu kuti mukufuna, uzani ndi amayi anzanu amene mumaima nawo pampanda ana akamayeserera. Ndikudziwa kuti malo amenewa munthu wakuda umapezeka uli wekha, ndipo kuyamba kucheza kumavuta, koma nkhani ya poni imatsegula pakamwa pa aliyense. Nthawi yabwino ndi mipikisano ikatha, cha mu Okutobala ndi Novembala, pomwe makolo amaona kuti miyendo ya mwana yatalika.

Funsaninso za kubwereka. Mabanja ambiri safuna kugulitsa poni imene yawalerera ana, koma amalola kuibwereketsa kwa chaka kapena ziwiri. Inu mumaidyetsa ndi kuisamalira, mwana akakula mumabweza. Kwa munthu amene sanasungepo hatchi, njira imeneyi ndi imene ndingasankhe poyamba. Mulemberane pangano, lonena yemwe alipire dokotala ikadwala kwambiri ndi momwe mungaibwezere. A bungwe la British Horse Society ali ndi chitsanzo cha pangano lotere.

Tsiku lokaona, pitani ndi aphunzitsi ngakhale atafuna kuti muwalipire. Pemphani kuti mukaipeze ili kubusa, muone ngati imagwirika, chifukwa poni imene mwaipeza itamangidwa kale chishalo, thukuta lili kamukamu, mwina aithamangitsa kuti ifatse inu musanafike. Ayambe kukwera ndi mwana wa mwini wake, wanu pambuyo. Tengani mbendera, kapu ndi ndowa. Ndipo musakhutire ndi kuiona yokha pakhomo: pemphani kukaiona pa tsiku loyeserera, pakati pa maponi ena, pali phokoso. Zilipo zofatsa kunyumba zimene zikangoona mzere woyambira zimaimirira ndi miyendo iwiri. Mukaona kansalu kofiira kumchira, dziwani kuti imaponya mateche, ndipo pa masewera opatsirana zinthu limenelo ndi vuto lalikulu. Muionenso ikukwera mu thirela, poti moyo wake wonse udzakhala wa maulendo.

Mukaikonda, itanani dokotala wa ziweto, wosankha inu, osati amene amathandiza wogulitsayo. Pali kuyeza kwa magawo awiri ndi kwa magawo asanu. Kwa poni yoti izithamanga ndi kukhota mwadzidzidzi, lipirani kwa magawo asanu, komwe amaiyezanso itathamanga. Nthawi zambiri amatenganso magazi n'kuwasunga miyezi isanu ndi umodzi, kuti ikadzayamba kutsimphina mutagula, aone ngati inapatsidwa mankhwala obisa ululu. Matenda awiri muwafunse mwachindunji, ndipo yankho likhale lolemba. Oyamba ndi laminitis, kutupa kwa m'kati mwa ziboda, komwe kumakonda maponi onenepa akadya msipu wanthete. Zizindikiro zake zakale ndi mizere yopingasa paziboda ndi khosi lolimba ndi mafuta. Poni imene inadwalapo ikhoza kugwira ntchito, koma kadyedwe kake mudzakalondera moyo wake wonse. Achiwiri ndi sweet itch, kuyabwa kobwera ndi tizilombo touluka toluma, komwe kumaoneka nyengo yofunda yokha. Mukagula mu Disembala simudzaona kanthu, pofika Juni yadzikanda mpaka mchira kuthothoka.

Mapepala ndi lamulo. Poni iliyonse iyenera kukhala ndi pasipoti yake, ndipo ku England kuyambira Okutobala 2020 iyeneranso kukhala ndi microchip, kachipangizo kokhala ndi nambala kamene amakaika pansi pa khungu. Dokotala ayerekeze nambala ya microchip ndi ya mu pasipoti, aonenso ngati katemera wa chimfine cha mahatchi ali m'ndondomeko, chifukwa popanda ameneyo ku mpikisano akubwezani pageti. Mukagula muli ndi masiku 30 oti musinthitse dzina la mwini. Dziwaninso kuti mukagula kwa wamalonda a mahatchi, lamulo loteteza ogula la Consumer Rights Act la 2015 limakutetezani. Mukagula kwa munthu wamba, chitetezo n'chochepa, ndiye sungani uthenga uliwonse ndi chithunzi cha malondawo. Ndalama ya chikole musatumize kwa munthu amene poni yake simunaione ndi maso.

Mtengo wogulira, ngakhale utafika mapaundi masauzande angapo, ndi umene umapweteka kamodzi. Zotsalazo n'za mwezi ndi mwezi: malo osungira, udzu wouma m'nyengo yozizira, wokonza ziboda pakatha masabata 6 mpaka 8, mano, katemera, inshulansi, mafuta a galimoto yokoka thirela. Ndipo poti ndife anthu a maulendo akumudzi, dzifunseni lero kuti mukadzapita ku Malawi mwezi wathunthu, kapena uthenga wa maliro ukadzabwera usiku, adzaidyetse ndani. Mukhale ndi dzina la munthuyo musanalipire.

Ulendo woyamba wokaona, ngati n'kotheka, mwana asiyeni kunyumba. Wa zaka 9 akangoisisita pamphuno ndiye kuti yakhala yake, ndipo dokotala akadzati musagule, mudzavutika kumufotokozera. Mupite naye ulendo wachiwiri, inu ndi aphunzitsi mutagwirizana kale kuti poniyo ndi yoyenera kuti aikwere.