Kodi thandizo la boma limalera ulesi?

Adzukulu anga, kalata yanu ndaiwerenga. Mwati mwakangana mpaka kuleka kupatsana moni. Mnyamatawe ukuti boma lisiye kugawa ndalama kwa osauka chifukwa likulera ulesi, lingotsitsa misonkho kuti aliyense adzionere yekha. Mlongo wako akuti palibe amene amasankha umphawi, choncho boma lisenze zonse. Ndiye mukufuna ine ndiloze wolakwa.

Ndiyambe ndi iwe wa misonkho. Msonkho ukunenawo ndi wa pa malipiro. Nanga mayi wamasiye amene salandira malipiro apindulapo chiyani? Sungamuchotsere msonkho umene salipira n'kale. Komatu usaganize kuti boma silimudula kanthu. Akagula sopo wosambira, msonkho wa pa katundu, uja amati VAT, amaulipira chimodzimodzi ndi bwana woyenda pa galimoto. Kwa bwanayo ndi fumbi chabe, kwa mayiyo ndi chakudya cha mawa chimene chaperewera. Ku America anaona kuti kutsitsa msonkho kokha sikumukwanira wosauka, ndipo mu 1975 anayambitsa Earned Income Tax Credit: munthu wogwira ntchito ya malipiro ochepa, makamaka wa ana, boma limachita kumuonjezera ndalama m'malo mongomukhululukira msonkho.

Nkhawa yako ya ulesiyi ndi yakalekale. Ku England mu 1834 anakhazikitsa lamulo loti wosauka wofuna thandizo akalowe m'nyumba zogwiriramo ntchito, kumene ankalekanitsa mwamuna, mkazi ndi ana. Anachita dala kuti anthu aziopa kupempha. Anthu anaopadi, koma umphawi sunachoke.

Tsono iwe mtsikana, usafulumire kuomba m'manja. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Boma likhoza kumanga sukulu, koma silingabwere kudzadzutsa mwana m'mamawa. Ku Brazil, pamene ankayambitsa Bolsa Família, ndondomeko yothandiza mabanja osauka, mu 2003, ndalama ankapereka makamaka m'manja mwa amayi, koma ndi pangano: ana azipita kusukulu ndipo azilandira katemera. Aliyense anali ndi katundu wake woti asenze. Ine njira imeneyi imandikomera, ngakhale ndimadandaula ndi mayi wokhala kutali ndi chipatala, amene angalangidwe chifukwa cha mtunda.

Pali msampha wina umene nonse awiri simunautchule. Ngati thandizo limadulidwa lonse tsiku lomwe munthu wapeza kantchito, iye amakhala pansi n'kuwerengera: malipiro, kuchotsapo ya mayendedwe, kuchotsaponso ya wolera mwana, n'kupeza kuti watsala ndi zochepa kuposa kale. Akakana ntchitoyo mumutcha waulesi? Ameneyo wangodziwa masamu. Thandizo lizitsika pang'onopang'ono pamene malipiro akukwera.

Chimene sindingachikhululukire ndi chinyengo, monga kusiya dzina la womwalira m'kaundula kuti muzilandirabe, kapena kubisa malipiro. Mukamatero musamati mukudya za boma. Mukudya msonkho uja wa pa sopo wa mayi wamasiye.

Mnyamatawe, liwu loti "alesi" walilemba katatu m'kalatayi, koma sunandiuze ngati unakhalapo pansi ndi mmodzi mwa iwo n'kumufunsa kuti amadzuka nthawi yanji. Wanenanso kuti unaphunzira sukulu ya boma. Aphunzitsi ako ankawalipira ndani? Udzandiyankhe m'kalata yotsatira, ndipo mlongo wako asainireko.