Za wailesizo zisiyeni kaye achemwali

Achemwali, mwafunsa zolengeza bizinesi yanu ya thobwa pa wailesi. Ka 30 pin mwatchulako musakalipire kulengeza pa wailesi, thobwa limafuna munthu alilawe osati alimve. Gulani kaye cooler box ndi mabotolo oyera, yotsalayo ikhale ya ayisi. Kuno ku Chigwa cha Shire makamaka Okutobala ndi Novembala munthu amagula kuzizirako, thobwa lofunda olo likome bwanji salibwerera.

Kenako dziwani kuti ogula anu ndani ndipo amagwira liti ndalama. Pa Nchalo zinthu zimayenda anthu a ku Illovo akalandira ndiye masiku amenewo phikani lambiri mukaime pomwe akabaza ndi maminibasi amadikirira anthu, pakati pa mwezi chepetsani lingakusasireni.

Ine ndimagulitsa mafilizesi pa Ngabu, poyamba ndinatsitsa mtengo kuti ndilande makasitomala a anzanga, eee mwezi kutha ndalama ya shuga osabwerera. Chinandithandiza ndi akabaza awiri omwe ndinkawapatsa imodzi yaulere m'mawa, iwowo ndi amene ankauza anthu kuti zozizira zenizeni zili kwa mayi a ambulera yofiira aja, kunena ineyo. Mtengo musatsitse, bola kabanyira kwa wogula mabotolo ambiri. Pa status ya WhatsApp ikani chithunzi ndi pomwe mwaima lero, ndipo nambala ya Mpamba kapena Airtel Money izioneka pa bokosipo poti ambiri amati alibe tchenje.

Koma mukafuna kumata dzina pa botolo ndi kusiya m'mashopu, kafunseni kaye a Malawi Bureau of Standards ndi a zaumoyo ku khonsolo ya Chikwawa.