Kodi wamwaliradi? Yankho kwa mayi a ku Ngabu

Mayi ena a ku Ngabu anditumizira imelo. Akuti mwana wawo anawaonetsa pa Facebook kuti mtsikana wa m'sewero la ku India limene amaonera pa Zee World wamwalira pa ngozi ya galimoto, ndipo sewerolo likutha mwezi uno. Iwo misozi inalengeza, bambo a m'nyumba n'kuwaseka kuti munthu wamkulu salirira anthu a m'kanema. Akufuna kudziwa ngati nkhaniyo ndi yoona, komanso ngati kulirako n'chibwana.

Ndiyambe ndi bambowo, mayi, poti ndi amene andiputa. Bambo ambiri oyankhula chonchi ndi omwe aja Bullets ikagonja kwa Wanderers amakana nsima, ana n'kumayenda monyang'ama m'nyumba. Palibe amawauza kuti akulirira anyamata osawadziwa. Sewero la tsiku ndi tsiku amalilemba dala kuti likulowereni m'magazi. Munthu mumamuona madzulo aliwonse kwa zaka, mukudziwa amene anamukana, amene anamubera chuma, ndi apongozi amene amamuzunza. Mukapanda kumva kanthu atafa, ndiye kuti olembawo ntchito yawakanika.

Ndipo izi sizinayambe ndi madishi. Makolo athu ankazungulira wailesi kudikira Kapalepale ndi Pamajiga pa MBC. Kanema wa dziko lino atatsegulidwa mu 1999, Tikuferanji inagwira anthu mpaka a Michael Usi atalumbira kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko mu 2024, ambiri ankangoti Manganya walumbira. John Nyanga atamwalira mu 2016 anthu ankati tataya Izeki, ndipo Eric Mabedi atatsatira mu 2021 ankati Jakobo wapita. Olira pa maliro amenewo sanali amayi okha.

Chochititsa manyazi ndi anthu amene amadyera pa misozi yanuyo. Munthu amatsegula tsamba, n'kulipatsa dzina longa la wailesi ya kanema. Amadziwa kuti nkhani ya imfa imathamanga kuposa ina iliyonse, ndiye amatenga chithunzi cha wosewera wotchuka, kuchichotsa mtundu, kuikapo kandulo ndi zilembo za RIP. Aliyense wolemba kuti "mzimu wake uuse mumtendere" akulikweza tsambalo, ngakhalenso wolemba kuti "bodza ili" akulikweza chimodzimodzi, chifukwa Facebook imangowerenga kuchuluka kwa oyankhapo. Otsatira akachuluka, mwini wake amayamba kuikapo malonda a juga, kapena amaligulitsa n'kusintha dzina. Ena amaika ulalo woti mudine kuti muone kanema wa ngoziyo, mukadina mumangopeza malonda okhaokha, bandulo n'kuthera pomwepo. Masiku ano amathanso kupanga ndi kompyuta chithunzi cha munthu ali gone m'chipatala, machubu ali m'mphuno.

Imfa yeniyeni ya munthu wotchuka siyenda mobisa choncho. Shona Ferguson wa mu The Queen atamwalira ndi Covid-19 pa 30 July 2021, banja lake linatulutsa uthenga, ndipo tsiku lomwelo nyumba zonse zikuluzikulu zofalitsa nkhani ku South Africa zinali nayo nkhaniyo. Connie Chiume, uja ankasewera Mam'Sonto mu Gomora, atamwalira mu August 2024 zinali chimodzimodzi, ndipo kuno inatikhudza mwapadera poti bambo ake anali ochokera ku Nkhata Bay. Pamakhala tsiku, malo, ndi dzina la wachibale kapena mneneri amene watsimikiza. Nkhani ikagona usiku umodzi ili pa tsamba limodzi lokha lopanda mwini wodziwika, imeneyo ndi yopeka.

Koma pa nkhani yanuyi pali china chimene chikuigwetseratu. Masewero a pa Zee World si atsopano. Amakhala ataonetsedwa kale ku India, ambiri pa Zee TV, kenaka amawaikira mawu a Chingerezi n'kuwasintha dzina. Limene inu mumalidziwa kuti Twist of Fate kwawoko ndi Kumkum Bhagya ndipo linayamba mu 2014. This Is Fate ndi Kundali Bhagya, la mu 2017. Gawo limene mukuonera lero ku Ngabu linajambulidwa kalekale. Ndiye ngakhale wosewera atamwaliradi dzulo, sewero silingathe mwezi uno chifukwa cha imfayo, poti magawo ake ali kale m'nkhokwe. Amene analumikiza zinthu ziwirizi sadziwa n'komwe mmene kanemayu amayendera. Sewero likasowa mwadzidzidzi pa Zee World nthawi zambiri amakhala alipumitsa kuti lina lilowe, ndipo limadzabweranso.

Onjezani apo khalidwe la olemba a ku India. Kwa iwo munthu kufa m'sewero si mathero. Amagwera m'phompho, chithunzi chake amachiveka nkhata ya maluwa, banja lilira magawo khumi, kenaka abwera ataiwala zonse kapena ali ndi nkhope ina, akuti madokotala anamukonza. Nkhope inayo ndi wosewera watsopano, wakaleyo anasemphana ndi mabwana pa za malipiro kapena wapeza ntchito kwina. Nthawi zina amangolumpha zaka 20, ana aja n'kukhala akuluakulu. Atsamba abodza aja amatenga chithunzi cha maliro a m'sewerowa n'kuchiika ngati maliro enieni. Ndikuganiza kuti n'zimene mwana wanu anaona.

A ku South Africa ndi osiyana pang'ono. Iwo amajambula patsogolo ndi masabata kapena miyezi ingapo, n'chifukwa chake wosewera akamwalira mumapitiriza kumuona kwa kanthawi. Sewero likamatha, eni kanema amalengeza okha kudakali miyezi. Isidingo inatha mu March 2020 itayenda zaka 21, Isibaya ndi Rhythm City mu 2021, The Queen kumayambiriro kwa 2023, 7de Laan kumapeto kwa chaka chomwecho. Onsewa anthu anadziwiratu. Chimapha sewero ndi ndalama: oonera akachepa otsatsa malonda amathawa, pomwe osewera akale malipiro awo akukwera. Generations yokha ndi imene inachita zachilendo mu 2014, pamene osewera 16 ananyanyala ntchito pofuna malipiro abwino, onse n'kuchotsedwa. Inasowa miyezi iwiri, n'kubwera mu December ili Generations: The Legacy. Anthu anene zimene anganene, ine ndimati Generations inathera pomwepo. Chimene chinabweracho chinali sewero lina lovala dzina la mwini wake.

Chimandiwawa n'chakuti tikukangana za mabanja a m'masewero a ku Mumbai ku India ndi ku KwaMashu ku South Africa pomwe nkhani zili pakhomo pathu. Anzathu a ku Zambia anatulutsa Mpali pa Zambezi Magic, nkhani ya bambo wamitala ndi akazi ake, ndipo Amalawi anaikonda chifukwa theka la zoyankhulazo amamva popanda womasulira. Ife masewero athu ambiri amadalira thandizo la mabungwe, ndiye gawo lililonse liyenera kuphunzitsa kanthu, wosewera n'kusanduka mlangizi. Woipa wa m'sewero lathu amalapa msanga kwambiri. Chigwa cha Shire chino chokha chili ndi zokwanira zaka khumi: odula nzimbe ku Nchalo, mikangano ya ng'ombe ndi minda ya kudimba, mabanja osamutsidwa ndi madzi amene akukana kukhala kumtunda, malonda a m'malire ku Marka, ufumu wolimbirana. Palibe akuzilemba, ndipo tisamanamizire kuti ndi kusowa kwa makamera.

Za magetsi ndi dishi

Mphekesera zimamera bwino pamene anthu aphonya magawo. Kuno timaphonya kawirikawiri chifukwa cha kuzima kwa magetsi, ndipo onse akukumbukira mmene zinalili namondwe Ana atawononga Kapichira mu January 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130. Ndiye ambiri anathamangira sola, koma masamu ake sawachita.

Kanema wa LED wa mainchesi 32 amadya pafupifupi mawati 50, dikoda pafupifupi 15. Zonse ziwiri pa maola atatu, tikachulukitsa mawati ndi maola, ndi pafupifupi 200, kuonjeza zimene inveta imataya tinene 240. Pa muyeso womwewo, batire ya 12V 100Ah imasunga 1,200, koma ya mtovu simuyenera kuitsitsa kupyola theka, ndiye zanu ndi 600. Panelo ya mawati 100 pa dzuwa la kuno ikhoza kubweza pafupifupi 400 patsiku. Mpaka apa zonse zili bwino. Chimene chimapha mabatire ku Chikwawa ndi ku Nsanje ndi fani. Fani ya mawati 50 ikazungulira maola 8 usiku wa October yadya 400 payokha, batire yatsika kupyola malire, ndipo mukatero tsiku ndi tsiku siitha chaka. Ngati fani simungaisiye, panelo ikhale ya mawati 200 kapena kuposa, ndi batire yokulirapo. Batire ya galimoto siinapangidwire ntchitoyi. Musalumikize panelo ku batire popanda kabokosi kowongolera kachajidwe. Kutentha nakonso kumafupikitsa moyo wa batire, choncho ikhale pamthunzi podutsa mphepo, koma pamwamba pang'ono poti madzi akuno sagogoda. Fumbi la pa panelo muzipukuta m'mawa isanatenthe.

Dikoda musaifunditse kansalu kokongoletsa kaja, kamatseka timabowo totulutsa kutentha, ndipo n'chifukwa chake imazima yokha masana. Chithunzi chikaduka pa mvula yamphamvu, dikirani, chibwera chokha. Koma chikamaduka ndi kamtambo chabe, mwina dishi yasuntha ndi mphepo, makamaka yokhomedwa pa mtengo, kapena madzi alowa polumikizira waya ku LNB, kachipangizo kaja ka kutsogolo kwa dishi. Pamenepo pafunika kudula kansonga ka waya kochita dzimbiriko, kuika cholumikizira chatsopano, n'kukulunga ndi tepi.

Tsono za mtsikana uja. Simunandiuze dzina la sewero, ndiye mwana wanu achite izi. Alembe dzina la sewerolo pa Google pamodzi ndi mawu akuti cast, apeza dzina lenileni la wosewerayo ndi dzina la sewero ku India. Alembe dzina lenilenilo, aone ngati nyuzipepala zodziwika monga Times of India kapena Hindustan Times zalembapo, ndipo ayang'ane tsiku la nkhaniyo. Aonenso Instagram ya wosewerayo, ya kachizindikiro ka buluu kotsimikiza kuti ndi yakedi, ngati waikapo kanthu masiku ano. Za kutha kwa sewero aone pa tsamba lenileni la Zee World, kapena pa TVSA, webusaiti ya ku South Africa ya za pa kanema, pamene amaika mwachidule zochitika za mwezi wonse. Kumeneko aende yekha ndipo asakuuzeni zambiri, chifukwa amaulula mpaka amene akwatirane kumapeto.