Zija za ku America si dzombe ayi, ndi nyenje

Bambo ena a m'kalabu yathu ya alimi anditumizira kavidiyo pa WhatsApp, tizilombo tangoti mbwee pamitengo ku America, ndiye akufunsa kuti "alangizi, dzombe limeneli silifika kuno? Nanga nyenje zikulira m'mango mwangamu ndipopere?"

Khazikani mtima pansi bambo. Limenelo si dzombe, ndi nyenje, abale ake a zija ana amakola ndi ulimbo mu Okutobala. Kungoti za kumeneko, dzina lake Magicicada, moyo wake ndi wodabwitsa zedi, mpaka ine ndimachita nazo chidwi. Ana ake amakhala pansi panthaka zaka 13 kapena 17 zathunthu akuyamwa madzi a m'mizu ya mitengo, phee osaoneka, kenako dothi likafunda kufika madigiri 18 zimatuluka zonse pakamodzi mamiliyoni, kukwera mitengo, kufundula, zazimuna kuyamba phokoso loitana zazikazi. Thupi lakuda, maso ofiira psuu. Mitundu ilipo 7, itatu ya zaka 17, inayi ya zaka 13. Mbalame ndi agologolo amadya mpaka kutopa nazo koma zotsala zimakhalabe zambiri, ndiye chitetezo chake n'chomwecho, kuchuluka basi. Pakatha masabata 4 mpaka 6 zonse zafa.

Mu 2024 gulu lina la zaka 13 ndi lina la zaka 17 anatulukira chaka chimodzi, magulu awiri amenewo anakumana komaliza mu 1803.

Tsono dzombe limatafuna masamba, nyenje ili ndi kamlomo ngati singano imangoyamwa, chimanga sichidyedwa ayi. Pomwe imawononga ndi pamene yaikazi ikung'amba tinthambi tanthete kuti iikiremo mazira, nsonga zake n'kuuma. Mtengo waukulu sumva kanthu, mbande ndiye zimavutika, n'chifukwa chake alimi a zipatso kumeneko amazikuta ndi neti ya mabowo ang'onoang'ono, ena amangodikira chakacho chidutse kaye asanabzale.

Kuno sizingafike, kwawo ndi kum'mawa kwa America ndipo siziuluka patali. Zathuzi timazimva chaka chilichonse ndipo mango akhala akubereka. Chonde musapopere, mungotaya ndalama, mupha njuchi, komanso ana akola nyenje zomwezo n'kukazinga, zimenezo ndiye zimandiopsa. Mukaona nsonga ya mbande yauma iduleni, mbandeyo muikute, koma osati ndi neti ya udzudzu ija, imeneyo ana azigonamo.