DT ikutsamwa ku Dedza, makaniko akuti tiike jeti yaikulu

Mwa makalata omwe afika sabata ino, imodzi yandiwawitsa mtima ngakhale mwiniwake sanalakwe kanthu. Achimwene ena asamutsidwa pa ntchito kuchoka ku Nchalo kupita ku Dedza. Njinga yawo yamoto ya Yamaha DT 175, yomwe kuchigwa inkathamanga bwinobwino, pano akuti ikutsamwa pa mtunda, ikufuka utsi, pulagi ikuda bii pakangopita masiku ochepa. Makaniko wawauza kuti njinga yachepa mphamvu, ndiye aike jeti yaikulu (jeti ndi kachitsulo ka bowo komwe petulo amadutsira m'kabuleta), ndipo ikasowa angobowola yomwe ilipoyo. Funso lawo ndi lalifupi: "Ndimulole?"

Musamulole, achimwene. Ngati wayamba kale kumasula kabuleta, pitani mukatenge njinga yanu, ngakhale muchite kukankha mpaka kunyumba.

Nkhani yobowola majetiyi ine imandikhudza pa chilonda. Kale ndinkagwira ntchito yoyendera mijigo m'midzi, ku bungwe lina lomwe ofesi yake inali ku Blantyre. Tinalipo anyamata angapo, aliyense ndi DT yake, lero kutsika Chikwawa, mawa kukwera mapiri a ku Neno. Njinga zonse zinkapita ku galaja imodzi yomwe bungwe linagwirizana nayo. Mkulu wa pagalajapo anali ndi kawaya komwe anasolola ku kebulo yakutha ya kilatchi, ndipo ankakapachika pa msomali pamwamba pa tebulo lake. Njinga iliyonse ikabwera, kaya vuto ndi tayala kaya ndi nyali, iye amatsegula kabuleta n'kuyamba kutokosa majeti ndi kawayako, akuti akutsuka. Amatero akuyimba mluzu, ndipo akamaliza amapemerera jeti ija ndi pakamwa n'kunena kuti "tsopano ipuma."

Jeti ndi ya mkuwa wofewa, waya ndi wachitsulo. Patapita miyezi, njinga zonse zinayamba kumwa petulo modabwitsa. Ulendo womwe kale thanki imodzi imakwanira kupita ndi kubwera, tsopano umathera panjira. Ndiye mukudziwa maganizo a anthu a mu ofesi. Owerengera ndalama anatiyitana mmodzimmodzi, buku la makilomita lili pa tebulo, kutifunsa kuti petulo tikugulitsa kwa ndani. Mnzanga wina, munthu wopemphera amene sanatengepo ngakhale lita imodzi, analandira kalata ya chenjezo, ndipo anatuluka mu ofesimo maso ali psuu. Palibe ndi mmodzi yemwe anaganiza zofunsa ku galaja. Kunali kosavuta kukhulupirira kuti anyamata asanduka akuba onse nthawi imodzi kusiyana ndi kukhulupirira kuti munthu wovala ovolosi angalakwitse.

Amene anatipulumutsa anali madala ena a ku Ndirande omwe anagwirapo ntchito pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, okonza njinga pansi pa mtengo, opanda ngakhale chikwangwani. Ndinawapititsira yanga mobisa, ndi ndalama ya m'thumba mwanga. Sanafunse zambiri. Anachotsa main jet, jeti yopereka petulo pa moto wonse, n'kuikweza kudzuwa, kenako anatulutsa ina yatsopano ya nambala yomweyo m'kachitini ka fodya n'kundiuza kuti ndisuzumire zonse ziwiri. Yatsopano bowo lake linali lozungulira bwino. Yanga linali lokula komanso lokhota mbali imodzi, m'mphepete muli mikwingwirima. "Nambala yalembedwa apayi ndi yabodza tsopano, mwana wanga," anatero. Anaika yatsopano ija, anatsuka fyuluta, basi. Njinga inabwerera mwakale tsiku lomwelo. Kalata ya mnzanga ija sinachotsedwe mu fayilo yake.

Ndiye ndikamva munthu akuti jeti yaikulu ndi mphamvu, magazi amandithamanga. Ili ndi bodza lomwe lapha njinga zambiri kuno. Injini siyendera petulo yekha. Imafuna petulo wosakanikirana ndi mpweya pa mlingo wake, ndipo ntchito ya kabuleta ndi kusunga mlingowo. Petulo akachuluka kuposa mpweya, sapsa yense. Injini imalira mododoma, imakana kukwera moto, utsi umachuluka, pulagi imada n'kunyowa, kumapeto kwa ekizozi kumadontha zakuda. Izi ndi zomwe mwalemba m'kalata mwanu, achimwene. Njinga yanu ikulandira kale petulo wochuluka, ndipo makaniko wanu akufuna kuwonjezera wina.

Chifukwa chake ndi malo. Nchalo ili pansi kwenikweni, sipafika mamita 100 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere. Dedza boma ili cha m'ma 1,600. Munthu akamakwera, mpweya umapepuka, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 pa mamita 1,000 alionse. Bowo la jeti silidziwa kuti mwasamuka. Likupereka petulo pafupifupi yemwe uja, pamene mpweya wolowa wachepa. Komanso muvomereze chinthu chimodzi: ku Dedza njinga singakhale ndi mphamvu zomwe inali nazo ku Nchalo, ngakhale kabuleta itakonzedwa bwino chotani. Mpweya wochepa, mphamvu zochepa. Chomwe tingachite ndi kuchotsa kutsamwako.

Dziko lathu ndi lovuta kwa njinga za two-stroke ngati DT, zomwe zimawotcha oyilo pamodzi ndi petulo, pa chifukwa chomwechi. Munthu amadzuka ku Golomoti, n'kukwera Khwekhwerere, ola lisanathe ali pamwamba pozizira. Wina amachoka ku Chitimba m'mbali mwa nyanja, pa mamita osakwana 500, n'kukwera Livingstonia. Onjezerani nyengo. Mpweya wozizira wa m'mawa mu June ndi wolemera, umafuna petulo wambiri, pamene wa masana mu October ndi wopepuka. Anthu a mpikisano wa njinga kunja amayenda ndi bokosi la majeti n'kumasintha malinga ndi tsiku. Ife sitingachite zimenezo popita kuntchito, ndipo n'chifukwa chake a fakitale amaika jeti yopereka petulo wochulukirapo pang'ono. Amadziwa kuti petulo wochuluka amangodetsa pulagi, koma wochepa amatenthetsa injini mpaka pistoni kugwira mu silinda kapena kubooka pamwamba. Pulagi mugula ina pa golosale ya masipeya. Pistoni ndi silinda, mukalankhula ndi akunyumba kaye.

Ndipo sindikunena kuti amakaniko athu ndi mbuli, ayi. Ambiri mwa anyamata omwe ali m'magalaja pano anaphunzirira ntchito pa njinga za kabaza, ma Boxer ndi zinzake, zomwe ndi four-stroke, mtundu wina wa injini. DT amaiona mwa apo ndi apo. Pa njinga zambiri za four-stroke, kasikuluwu kakang'ono ka pa kabuleta kali mbali ya injini ndipo kamayendetsa petulo, ukakamasula petulo amachuluka. Pa kabuleta ya DT, ya mtundu wa Mikuni, kasikuluwuko kali mbali ya fyuluta ndipo kamayendetsa mpweya, ukakamasula mpweya ndi umene umachuluka. Mnyamata wozolowera njinga zotere amapotokola mbali yolakwika ndi mtima wonse, njinga n'kuipiraipira, kenako n'kugamula kuti vuto ndi jeti. Chomwe sindingakhululuke ndi kubowola. Munthu wobowola jeti wawononga chinthu chokhacho m'kabuleta chomwe chinali ndi muyeso wodziwika, ndipo aliyense wobwera pambuyo pake azingolota. Makaniko wotere sindimupatsanso ngakhale njinga yakapalasa.

Pali china chomwe chimandinyansa pafupifupi mofanana, nkhani ya oyilo. DT ili ndi pampu yake, Autolube, yomwe Yamaha anayamba kuika pa njinga zawo m'zaka za m'ma 1960. Imathira oyilo wa 2T, wopangidwira injini za two-stroke, molingana ndi moto womwe mwapatsa. Kuno anthu ambiri amaichotsa, akuti saikhulupirira, n'kumathira oyilo mu thanki ndi diso, wina mpaka SAE 40 wa galimoto chifukwa ndi wotchipa. Oyilo wa galimoto sanapangidwe kuti azipsa. Amasiya mwaye pa pistoni ndi mu ekizozi, mpaka ekizozi kutsekeka, njinga n'kumatsamwa ndendende ngati ya jeti yolakwika. Ngati pampu yanu inachotsedwa kale, yezani. Mlingo wa 32:1 ndi mamililita a oyilo pafupifupi 31 pa lita imodzi ya petulo, wa 50:1 ndi mamililita 20. Sankhani umodzi ndipo musamasinthesinthe, chifukwa oyilo wa mu thanki amadutsa mu jeti momwemo. Mukachulukitsa oyilo, malo a petulo amachepa. Ndipo potsika mtunda wautali ngati wa ku Chikwawa moto uli wotseka, injini yopanda pampu imalandira oyilo wochepa kwambiri, ndiye muzipatsako moto pang'ono mwa apo ndi apo.

Petulo wathunso ali ndi zake. Kuyambira 1982, pomwe fakitale ya ku Dwangwa inayamba kupanga ethanol, petulo wa ku Malawi amasakanizidwa naye. Ethanol amafuna mpweya wocheperapo kuti apse, kotero pa jeti yomweyo msakanizo umapendekera ku mbali ya petulo wochepa. Amakokanso chinyezi, ndipo njinga ikakhalitsa osayenda mumapeza zoyera ndi dzimbiri pansi pa kabuleta, pilot jet, kajeti kakang'ono ka moto wochepa, itatsekeka. Za petulo wa m'zigubu yemwe timagula mafuta akasowa, uyo ndiye amabwera ndi madzi, mchenga, nthawi zina palafini. N'chifukwa chake ndimaseka ndikaona munthu akukopera manambala a majeti pa intaneti kwa mzungu wa ku California. Petulo wake ndi wina, phiri lake ndi lina, ndipo mwina kabuleta yake ndi Keihin, yomwe manambala ake sagwirizana ndi a Mikuni. 140 ya uku si 140 ya uko.

Musanakhudze jeti

Tsukani fyuluta ya mpweya, muiumitse, muipake oyilo pang'ono n'kufinya. Fumbi la kuchigwa lomwe munabwera nalo likhoza kukhala theka la vuto lanu. Onani ngati tchoki ikubwerera mpaka pansi. Ikani pulagi yatsopano, ya DT 175 nthawi zambiri ndi NGK B8ES. Chotsani kachitoliro ka mkati mwa ekizozi muwotche mwaye. Onani ngati kabuleta ikudontha petulo njinga itaima, chifukwa ngati ikutero ndiye kuti float (choyandama chomwe chimatseka petulo akadzaza m'kabuleta) kapena kasingano kake katha, ndipo palibe jeti yomwe ingakonze zimenezo. Ngati utsi ndi wochuluka, wonunkha mwachilendo, ndipo oyilo wa m'giyabokosi akuchepa, ndiye kuti silu ya crankshaft ya mbali ya kilatchi yatha. Majeti tsukani ndi petulo ndi mpweya wa pampu, osati waya.

Zonsezi zikakhala bwino koma ikutsamwabe, mvetserani kuti ikutsamwira pati. Moto ukakhala wotseka mpaka kota, ikugwira ntchito ndi pilot jet ndi kasikuluwu kaja. Kuchokera kota mpaka makota atatu ndi singano yaitali ya pakati pa kabuleta. Pamwamba pake mpaka moto wonse ndi main jet. Yambani ndi kasikuluwu injini itatentha: kamangeni pang'onopang'ono mpaka kakhudze, osakakamiza, kenako kamasuleni kamodzi ndi theka, n'kumasuntha pang'ono uku ndi uku mpaka mupeze pomwe injini ikulira mokwera ndi mosalala. Kakafuna kupitirira kawiri ndi theka, pilot jet yakula. Kenako singano. Ili ndi timizere kumutu kwake, nthawi zambiri tisanu, ndi kakilipi. Kwezani kakilipi mzere umodzi m'mwamba, singano itsika, petulo achepa. Izi n'zaulere, ndipo ndikuganiza kuti inu muthera pomwepa, poti munthu woyenda m'misewu ya fumbi nthawi yambiri amakhala pa moto wapakati.

Ngati ikudodomabe pa moto wonse pokha, werengani nambala ya pa main jet yanu, mugule ya Mikuni yeniyeni yocheperapo ndi sitepe imodzi. Kayeseni pa mtunda wowongoka ndi pulagi yatsopano, giya yapamwamba, moto wonse kwa kanthawi, kenako gwirani kilatchi n'kuzimitsa nthawi yomweyo osaisiya ilire payokha. Chotsani pulagi muone. Ikhale ya mtundu wa tiyi wamkaka. Ikayera mbuu, kapena mukamva injini ikulira ngati tizitsulo tikugundana mkati, bwezerani yakale msanga. Muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi.

Jeti yakaleyo musataye, ikulungeni muisunge m'bokosi la zida la pa njinga. Tsiku lomwe mudzatsike kukaona abale ku Nchalo, dzaimeni musanafike pa Thabwa muibwezeretse pamodzi ndi kakilipi kaja, chifukwa msewu wa M1 kumeneko ndi wosalala, mudzafuna kutsegula moto wonse, ndipo jeti ya ku Dedza kuchigwa ndi yaing'ono.