Kodi ndalama yangayi inalakwika ku fakitale kapena yangowonongeka?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mbale wathu amene amagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba ku Leeds, ku Britain. Akuti anapeza 10p, ndalama yachitsulo ya kumeneko, m'makina owumitsira zovala, koma ndi yodabwitsa: yachepa m'mimba mwake, mkombero wake wanenepa, ndipo timizere ta m'mphepete tatheratu. Ali ndi 2p ina yomwe pankhope ya Mfumukazi padutsa zilembo zotembenuka, komanso K500 yomwe anachoka nayo kumudzi, mbali imodzi yotuwiratu. Akufunsa ngati izi zili m'gulu la ndalama zolakwika zija anthu amalimbirana pa eBay, msika wa pa intaneti.

Achimwene, ndisakuzungulitseni: pa zithunzi zomwe mwatumizazo, zonse zitatu zinawonongeka zitatuluka kale ku fakitale. Koma mukamvetsa chifukwa chake, ulendo wina mudzadziweruzira nokha.

Funso loyenera kudzifunsa si lakuti "kodi ikuoneka yachilendo?" Zachilendo n'zambiri, ngakhale ndalama yopondedwa ndi lole imaoneka yachilendo. Funso ndi lakuti: pa ntchito yonse yopanga ndalama, ndi pati pamene chilema ichi chikanachitikira? Mukalephera kuloza malo ake, ndiye kuti chinabwera pambuyo.

Ndalama yachitsulo imayamba ngati chitsulo chopyapyala chachitali. Makina amaboolamo timagawo tozungulira topanda chithunzi, makina ena n'kutukulako mkombero pang'ono. Kenako kagawoko kamalowa mu mphete yolimba, zidindo ziwiri n'kukamenya nthawi imodzi, china pamwamba china pansi. Mphete ija ndiyo imaletsa chitsulo kufalikira, ndiyonso imaika timizere ta m'mphepete.

Amene anaumbapo njerwa sangavutike apa. Zilembo zogobedwa m'chikombole zimatuluka zotumphuka pa njerwa, ndipo chikombole chikang'aluka, njerwa iliyonse imatuluka ndi kamzere kotumphuka pamalo omwewo. Chidindo cha ndalama n'chimodzimodzi. Mng'alu wa chidindo umasiya mzere wokwera pamwamba, wosalala, wokhala ndi mtundu wofanana ndi ndalama yonse. Pomwe mzere wobwera ndi msomali kapena mpeni umalowa mkati, ndipo mukayang'ana ndi galasi lokulitsa muona chitsulo chitakankhidwira m'mbali mwa mzerewo, mkati mwake mukuwala mosiyana. Zambiri zomwe anthu amanditumizira zimathera pamenepa.

Tsopano 10p yanuyo. Ndalama yomwe yamenyedwa bwinobwino mkati mwa mphete, chithunzi chonse chili pakati, siingatuluke yocheperapo kuposa mpheteyo. Mphete ikalephera kugwira ntchito, ndalama imatuluka yotambasuka, yokulirapo ndi yopyapyala, osati yochepa ndi yonenepa mkombero. Yanuyo inakodwa m'makina owumitsira zovala aja, n'kumagubuduka ndi kugundagunda m'mphepete kwa nthawi yaitali mpaka chitsulo chinapindikira mkati. Osonkhanitsa ndalama amazidziwa bwino zoterezi, ndipo malo omwe munaipezawo adziulula okha.

Ya 2p ija ndiyo imanyenga anthu ambiri, chifukwa cholakwika chenicheni chofanana nayo chilipo. Zimachitika kuti ndalama yadindidwa koma yakakamira pa chidindo osagwa, ndiye kagawo kotsatira kamamenyedwa ndi ndalama inzake m'malo mwa chidindo. Zikatero, mbali imodzi imatuluka yabwinobwino, inayo imakhala ndi chithunzi chomwechomwecho koma chotembenuka ndi cholowa mkati. Yanuyo si yotero. Nkhope ya Mfumukazi ilipo yonse, zilembo zotembenukazo zangodutsa pamwamba pake, ndipo kumbuyo kwaphwatalala. Wina anaphatikiza ndalama ziwiri n'kuzifinya pa vaisi kapena kuzimenya ndi hamala. Ku fakitale ndalama imamenyedwa itatsamira chidindo china, choncho kumbuyo sikuphwatalala chonchi.

Gulani kasikelo kakang'ono koyeza magalamu, kaja amagwiritsa ntchito ogula golide. 2p imalemera magalamu 7.12, 10p magalamu 6.5, 20p magalamu 5. Ndalama yomwe yapyapyala, yapepuka, zilembo zake zafooka mbali zonse ziwiri ndipo pamwamba pake pali timaenje, inadyedwa ndi asidi kapena inakhalitsa m'dothi. Yodukako m'mbali imafuna diso lodekha. Ikakhala kuti inaduka pomwe makina ankaboola timagawo, kudukako kumakhala kokhota bwino, zilembo zoyandikira zimazilala pang'onopang'ono polowera podukapo, ndipo kawirikawiri mkombero wa mbali yoyang'anizana nayo umakhala wofooka. Yodulidwa ndi tupa kapena chopukusira imakhala yakuthwa, chilembo chaduka pakati chili chilili.

Maginito nawonso amathandiza, bola mudziwe chaka. Ma 1p ndi 2p a ku Britain anayamba kupangidwa ndi chitsulo chokutidwa ndi kopa mu 1992, ndiye ena amamata ku maginito ena ayi, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Ku America, mu 1943 masenti anapangidwa ndi chitsulo chifukwa kopa ankafunika kunkhondo, koma ochepa kwambiri anadindidwa mwangozi pa timagawo ta kopa totsalira. Amenewo ndi okwera mtengo zedi, moti akathyali akhala akukuta achitsulo aja ndi kopa kapena kupala nambala 8 ya 1948 kuti ioneke ngati 3. Wokutidwayo maginito amamugwira nthawi yomweyo.

Poti muli ku Britain, cholakwika chenicheni chomwe mungakumane nacho pa chenji ndi 20p yopanda chaka. Mu 2008 Royal Mint, fakitale yopanga ndalama zachitsulo za ku Britain, inasintha zithunzi za kumbuyo kwa ndalama, ndipo chaka chomwe pa 20p chinkakhala kumbuyo chinasamutsidwira kumutu. Ndalama zina zinadindidwa ndi chidindo chakale cha kumutu, chopanda chaka, pamodzi ndi chatsopano cha kumbuyo, chopandanso chaka. Royal Mint inati n'zosapitirira 250,000. Yang'anani mbali zonse ziwiri: kumbuyo kukhale chidutswa cha chishango chachifumu, osati duwa lovala chisoti, ndipo kumutu kusakhale chaka kapena chipsera chosonyeza kuti chinapalidwa. Ambiri amangoona mbali imodzi n'kuyamba kale kuwerengera phindu.

Tibwere ku ndalama zapepala, komwe mfundo ndi yomweyo koma chofunika kwambiri ndi ndondomeko. Zimasindikizidwa pa mapepala aakulu okhala ndi ndalama zambirimbiri, ndipo pepala limadutsa m'makina kangapo: mitundu ya pansi choyamba, kenako chithunzi ndi zilembo zokhakhala zija mumazimva ndi chala, manambala pambuyo, kudula kumapeto. Nkhani yotchuka ndi ya $20 ya ku America yomwe ili ndi kasitika ka nthochi ka Del Monte. Aliyense atha kumata kasitika pa ndalama. Chomwe chinatsimikiza kuti kameneka kanagwera pa pepala ntchito ili mkati n'chakuti mbali ya nambala ndi chidindo cha Treasury (unduna wa zachuma wa ku America) zinasindikizidwa pamwamba pa kasitikako. Mu 2021 inagulitsidwa $396,000.

K500 yanuyo sikugwirizana ndi sitepe iliyonse mwa amenewa. Makina akadumpha mtundu umodzi, mtundu umenewo umasoweratu koma ina yonse imakhala yowala, pepala lili lolimba. Yanuyo mitundu yonse yasulukira pamodzi, kutuwako kukutha pang'onopang'ono polowera pakati, ndipo pepala lafewa. Imeneyo ndi ntchito ya dzuwa, jiki kapena sopo. Mukaiika pa kagetsi ka UV komwe amayezera ndalama m'masitolo, pepala la ndalama lenileni siliwala, koma lochapidwa ndi sopo wa ufa nthawi zambiri limawala mobiriwira ngati buluu chifukwa cha mankhwala oyeretsa zovala. Mapaundi apulasitiki omwe anayamba ndi £5 mu 2016 nawonso anthu amawafufuta inki ndi mankhwala n'kumati ndi olakwika. Mukawapendeka pa kuwala mumaona timikwingwirima ta kupukuta.

Chenjeraninso ndi madola odulidwa mokhota. Boma la America limagulitsa kwa aliyense mapepala athunthu a madola osadula, ndipo ena amangotenga sizasi n'kudula mopendama dala.

Tiyerekeze kuti mwapeza cholakwika chenicheni. Sikuti mwalemera. Mu 2019 kunadziwika kuti pa $50 yatsopano ya ku Australia liwu lina la m'timalemba tating'onoting'ono linasowa chilembo chimodzi. Cholakwikacho n'chenicheni ndithu, koma chinali pa ndalama pafupifupi 46 miliyoni, ndiye aliyense anali nayo m'thumba. Mtengo umabwera ndi kusowa kwa chinthu komanso maonekedwe ake. Ndipo pa eBay musamayang'ane mtengo womwe munthu akuitanira, poti aliyense atha kulemba £5,000 pa 2p yophwanyika. Yang'anani zomwe zinagulidwadi.

Mukapeza yomwe yapambana mayeso onsewa, musaitsuke ndi phulusa, mandimu kapena Brasso, chifukwa kutsuka kumapha mtengo kuposa dothi. Igwireni m'mphepete, muijambule mbali zonse ziwiri ndi m'mbali mwake, mulembe kulemera kwake, mutumize funso ku Royal Mint Museum ku Llantrisant kapena muipititse kwa oyeza ndalama monga NGC ndi PCGS. Awiri omalizawa amalipiritsa, ndiye yambani mwafunsa kumene kuli kwaulere. K500 ija mudzayesere kuisintha kubanki mukadzabwera kumudzi, poti manambala ake akuwerengeka bwinobwino.