Mizere ya pa chitsa cha paini ija, ndi zaka za njala?

Wina wa ku Chitakale wandilembera pa imelo, akuti anakwera ku Chambe, pa phiri la Mulanje, kudzera ku Likhubula ndiye anapeza chitsa cha paini chili ndi mizere yozungulira, ina yotalikirana ina yothinana, ndipo amalume ake akuti yothinanayo ndi zaka za njala. Akufunsa ngati zili zoona.

Achimwene, amalumewo sananame ayi, koma musathamange nazo. Mtengo umanenepera pansi pa khungwa penipeni. Mvula ikayamba cha mu Novembala umakula mofulumira, thabwa lake loyererako komanso lofewa, ndiye kukamauma n'kuzizira umayamba ulesi n'kusiya kamzere koderako kolimba. Choyeracho ndi choderacho pamodzi ndiye chaka chimodzi. Chilala ngati cha 1992 chikabwera mtengo umangoikapo kochepa basi.

Vuto ndi loti mtengo umadandaula zambiri, si mvula yokha. Paini akadali wamng'ono mizere yake imakhala ikuluikulu ndithu, akamakula imayamba kuchepa yokha, ndiye pali kuthinana ndi anzake polimbirana dzuwa, pali moto wa alenje umene umasiya chipsera chakuda chodzaza utomoni, komanso ng'amba ikagwa pakati pa dzinja mtengo utha kupusitsika n'kulemba kamzere kabodza ngati kuti chaka chafika kumapeto. Kuwonjezera apo phiri lathuli lili ndi chiperoni. Imani pansi pa paini mu Juni muone mmene masamba ake osongoka aja amakolera nkhungu n'kumadontheza madzi pansi, moti chimanga chitha kupserera ku Phalombe iye kumwambako akumwa. Ndipotu painiyu ndi mlendo, dzina lake la sayansi ndi Pinus patula, kwawo ndi ku Mexico, wathu ndi mkungudza.

M'mapiri ozizira kwambiri nkhani imatembenuka, kumeneko mzere wonenepa umasonyeza chaka chofunda. A. E. Douglass wa ku Arizona ku America, amene anayambitsa sayansi yowerenga mizere ya mitengoyi, sankakhulupirira chitsa chimodzi, ankafanizira mitengo yambirimbiri, mzere ukachepa paliponse chaka chomwecho m'pamene ankaloza nyengo.

Mukadzakweranso mutenge sandipepa ndi kabotolo ka madzi, mupale chitsacho, munyowetse, muwerenge kuyambira kukhungwa kulowa mkati chifukwa mzere wakunja ndi chaka chomwe anaudula. Kenako mupeze zitsa zina zisanu zapafupi muone ngati zikuvomerezana ndi amalume.